Makombola a Bambo ndi Tsamba Lachiwiri

Wandarra, 9 Seputembala 1979

Okondedwa achimwene Wenzu,

Ndikhulupirira muli bwino ku Brisbane pamodzi ndi ana amene mumawaphunzitsa malipenga aja. Kuno tilipo. Nzimbe tadula theka ndipo mvula sinatisokoneze. Azakhali a Pawlina bondo lija likuwapwetekabe, koma pakamwa pali bwinobwino.

Simunandiuze kuti a komiti akusankhani kukhala mmodzi mwa oweruza atatu pa mpikisano wa makombola wotsekera nyengo yodula nzimbe. Tinamva kwa a Fredu Cauchi pabwalo la tchalitchi, Misa itangotha. Anakuwa anthu onse akumva:

"Indri! Mwana wako woliza lipenga uja ndiye adzaweruze chaka chino. Ati makombola aziphulika motsatira nyimbo. Iwe ndi mabingu ako aja ungokhala pakhomo, uzidyetsa nkhuku."

Bambo anafunsa kuti, "Wati chiyani?" A Cauchi anabwereza mokweza. Bambo anangoti, "Fredu, makombola ako amalira ngati mbuzi yotsegula m'mimba." Tinakwera galimoto n'kubwerera kunyumba.

Lolemba m'mawa anandituma ku komiti kukalembetsa dzina lawo. Mukudziwa kuti chimwalirireni amayi shedi ya wonga ija sinatsegulidwe, zaka zisanu tsopano. Aitsegula. Mipope yachitsulo yoombera makombola taitulutsa, tikuichotsa dzimbiri. Madzulo tikaweruka kumunda iwo amasakaniza wonga, ine ndimamata mapepala a mipira ya makombola. Manja anga ada bii. Nyimbo asankha ya bandi ya kumudzi kwawo ku Malta, ili pa tepi imene amalume anatumiza ija.

Koma chimene ndalembera ndi ichi. Lachitatu tikudya anati, osandiyang'ana, "Matiresi a m'chipinda chakumbuyo aja ukawayanike." Ndinafunsa kuti kukubwera ndani. Anati, "Ukufuna woweruza akagone ku hotela ngati alibe kwawo?"

Achimwene, zaka zisanu ndi zitatu sananenepo kuti muli ndi kwanu. Dzina lanu sanalitchulebe, koma matiresi ndayanika. Chonde musakane ntchitoyi. Mundiyankhe msanga, ndipo muikemo mawu ena oti ndiwawerengere, popeza makalata onse a pakhomo pano wowerenga ndine.

Mlongo wanu,
Rozina


Brisbane, 17 Seputembala 1979

Rozina mlongo wanga,

Ndili bwino. Za mbuzi zija ndinaseka mpaka mayi wa nyumba anagogoda pakhomo.

Kenako ndinasiya kuseka. Munthu amene ananena kuti lipenga ndi ntchito ya alesi, amene anaika chikwama changa pakhonde mvula ikugwa, lero wakumbuka kuti ali ndi mwana chifukwa mwanayo wagwira pensulo ya malikisi? Ndinaimbira a komiti kuti apeze wina. Ati palibe vuto, oweruza tilipo atatu, komanso ku Wandarra aliyense ndi m'bale wa wina wake. Ndiye ndibwera. Ndibwera chifukwa cha iwe, ndi matiresiwo. Koma ndidzalemba chimene maso ndi makutu anga adzandiuze, kaya ndi Cauchi kaya ndi ife a Tabone.

Ndaikamo masamba awiri a Bambo. Uwerenge onse, mokweza, ukhale kumanja kwawo. Usafewetse mawu monga umachitira muja. Ndimakudziwa.

Wenzu

Tsamba loyamba.

Bambo, ndi Wenzu. Ndamva kuti mwatsegula shedi ndipo ndakondwa. Ndili mwana ndinkakwera pa thanki ya madzi kuonera makombola anu, ndipo mpaka lero sindinaonepo buluu wofanana ndi wanu, ngakhale kuno kutauni. Ndifika Lachisanu pa 16 Novembala ndi sitima. Zikomo chifukwa cha malo ogona.

Tsamba lachiwiri.

Bambo, mundikhululukire, apa ndiyankhula ngati woweruza. Malikisi ali patatu: khumi a mitundu, khumi a kukwera ndi kuyala kwa moto, khumi a kuyenderana ndi nyimbo. Pawiri poyambapo palibe angakuposeni. Pachitatupa ndi pamene ndikuopa.

Zimkuzamawu zidzakhala tsidya la anthu oonera. Inu mudzakhala tsidya linalo la mtsinje, mamita mazana atatu. Nyimbo pofika kwa inu idzakhala itachedwa kale ndi sekondi. Mpira nawo ukayatsidwa umatenga masekondi atatu kapena anayi kuti ukaphulike kumwamba. Ku Malta munkayatsa ndi khutu, bandi ili pambali panu, ndipo palibe ankawerenga masekondi. Pano tidzawerenga. Izi si chinsinsi, a komiti atumiza pepala kwa onse opikisana.

Koma ichi ndalembera inu nokha. Makutu anu anatha, Bambo. Wonga unawadya. Aliyense akudziwa, kungoti palibe amanena. Tsidya lija nyimbo simudzaimva. Musayatse ndi khutu. Rozina alembe papepala sekondi ya mpira uliwonse, agwire wotchi, ayambe kuwerenga akangoona nyali yofiira ya komiti, ndipo azikumenyani paphewa nthawi yoyatsa ikakwana. Mukatero chikho ndi chanu, ndipo sichidzafuna thandizo langa.


Wandarra, 30 Seputembala 1979

Okondedwa achimwene,

Zikomo chifukwa cha kalata. Ife tili bwino, kupatula kuti thirakitala inafa masiku awiri.

Tsamba loyamba ndinawerenga katatu. Pa mawu a buluu paja anandiimitsa. "Wati chiyani? Bwereza." Ndinabwereza. Anadzuka kukayang'ana agalu panja, chikhalirecho agalu anali pansi pa tebulo. Atabwerako anati, "Pa thanki paja ndinkamuona. Ndinkangomusiya."

Kenako anafunsa kuti, "Palinso china?" Ndinati tiyi akuzizira.

Musakwiye. Tsamba lachiwiri ndiwerenga, ndikungodikira tsiku labwino. Madzulo amenewo anadya mbale ziwiri ndipo anaimba mluzu potsuka m'manja. Sindikanatha.

Pepala la komiti lonena za wotchi linafika, ndipo ilo ndinawawerengera lonse. Anati, "Wotchi ndi ya ophika mazira. Ine nyimbo iyi ndinayamba kuiyatsira Cauchi akadali wa mamina." Amaika tepi pakhomo pa shedi, mokweza mpaka nkhuku zimathawa, n'kugwira wailesiyo ndi dzanja kuti azimva kugunda kwa ng'oma. Akamatero amayenda nayo bwino ndithu.

Za malikisi mukuwaganizira molakwa. Sanafunsepo kuti mudzawapatsa angati. Akupanga mpira waukulu, wolemera ngati mwana wa chaka chimodzi, woti udzaphulike kasanu, komaliza buluu yekhayekha. Ndikuwagwirira chingwe pomanga ananena okha kuti, "Anathawa kushedi kuno asanaone chimene ndimatha. Tsopano amukhazika pampando. Sangathawe. Ayang'ana basi."

Ndiye mukuona. Ndingawauze bwanji kuti woyang'anayo akuti ndi agonthi? Komanso inu mukundidziwa, ngakhale kusitolo ndimachita kuloza ndi chala. Ndidzamenya bwanji Bambo paphewa?

Koma ndiwerenga. Mundiuze ngati mumadyabe pastizzi, timikate ta ku Malta tija ta nandolo, kapena mwayamba ulemu wa kutauni.

Rozina


Brisbane, 22 Okutobala 1979

Rozina,

Ndikhulupirira nonse muli moyo, popeza kalata yanga ya pa 8 sunayankhe. Kapena achule a m'nzimbe adya wa positi?

Funso ndi lomwe lija. Wawerenga kapena ayi? Tsiku labwino kwa Bambo kulibe, pali tsiku lamvula ndi tsiku ladzuwa basi. Kwatsala masabata osakwana anayi, ndipo kuyeserera ndi wotchi kumafuna nthawi. Ngati ukuopa, kapereke tsambalo kwa azakhali. Iwo saopa ngakhale wansembe.

Pastizzi ndimadya, wa nandolo yemweyo.

Wenzu


Wandarra, 4 Novembala 1979

Okondedwa achimwene,

Pepani kuchedwa, ntchito yachuluka. Tonse tili bwino. Mango ayamba kupsa kuseri kwa shedi.

Ndawawerengera. Wotchi ndapeza, ya malemu amayi ija. Pepala la masekondi ndalemba. Musade nkhawa.

Bambo apita kukameta, agulanso malaya. Ati adzakuchingamirani okha kusiteshoni.

Rozina


Wandarra, 20 Novembala 1979

Wenzu,

Wolemba ndine azakhali ako a Pawlina. Atate ako abwera m'mawa uno, akhala pa mpando wanga wabwino uja ndi nsapato zamatope, ati ndilembe ndine chifukwa Rozina akungolira ngati wasenda anyezi. Moni sanapereke, ndiye ndikupatsa ndine: ndikhulupirira unafika bwino. Tsopano mawu ndi awo.

Iwe. Ndinakuchingamira kusiteshoni nditavala malaya atsopano. Unadya patebulo langa. Ndinakulowetsa m'shedi, ndinakuonetsa mankhwala a buluu amene sindinaonetsepo munthu, ngakhale mayi ako. Unandigwira chanza, unati, "Mawa mudzachite monga tinanenera." Ndinaganiza kuti ukunena za buluu.

Mawa lake usiku, pa malikisi a nyimbo, unandipatsa anayi. Cauchi khumi, ine anayi. Anawerenga dzina lako ndi malikisi ako pa chimkuzamawu, Wandarra yense akumva. Cauchi anachita kuwoloka mlatho ndi chikho m'manja kudzandiuza. "Indri, ndakuposa ndi awiri okha. Ukathokoze mwana wako, wandigulira mowa."

Awiri. Ukanalemba asanu ndi awiri palibe akanakufunsa. Sindinakupemphe, ndipo sindikanakupempha. Koma ndinayatsira nyimbo imeneyo zaka makumi anayi, ndipo iwe ukuti sindiidziwa? Unadikira zaka zisanu ndi zitatu kuti ubweze za chikwama chija. Wabweza. Ndiye chikwamacho unachipezanso pakhonde. Tafanana. Usadzapondenso pakhomo panga.

Amaliza, atuluka, chitseko sanatseke. Tsopano ndine.

Mwana iwe, ine za masekondi sindidziwa. Ndinaona kuti anthu anaseka, ndipo ndinafuna kulowa pansi. Koma bambo ndi bambo. Ukanangotsinzina diso limodzi ukanafa? Woweruza wachizimayi uja ali ndi nkhope ngati chitseko cha ndende, ameneyo sindimudandaula. Koma iwe magazi amodzi!

Usiku uja utadzagona kuno unaiwala lumo lako kubafa kwanga. Nditumize kapena nditaye?

Azakhali ako


Brisbane, 25 Novembala 1979

Rozina,

Ndinafika bwino, ngati kufika bwino n'kumeneku. Iwe uli bwanji? Usiku uja sunatuluke ngakhale kudzanditsanzika pakhonde.

Kalata ya Bambo ndalandira. Sindiwayankha. Ndikuuza iwe chimene ndinaona, kuti pakhale munthu mmodzi pakhomopo wodziwa kuti sindinabe.

A Cauchi anayamba. Mitundu yawo ndi ya m'sitolo, wofiira wotuwa, wobiriwira wonga madzi otsukira mbale. Ndinalemba asanu ndi awiri. Koma ana awo anali ndi mawotchi awiri, ndipo ng'oma ikati gu, kumwamba kumati phu. Mphindi zisanu, sanaphonye ngakhale kamodzi. Ndikanalemba chiyani? Khumi.

Kenako ife. Nyali yofiira inayaka, nyimbo inayamba ndi malipenga aja onse pamodzi, kumwamba kuli mdima. Ndinawerenga chamumtima. Zisanu. Zisanu ndi chimodzi. Mpira woyamba unakwera malipenga atatha kale. Rozina, unali wokongola. Mayi Aldous, amene azakhali akuwanena nkhope ya ndende aja, anagwira pakamwa. Moto wake wagolide unayala ngati mtengo, n'kutsika pang'onopang'ono mpaka kukhudza madzi. Pa mitundu ndinalemba khumi, pa kuyala khumi.

Koma zonse zinkabwera mochedwa, ndipo kuchedwako kunkakula. Pamene ng'oma zinkagunda kunali zii. Pamene nyimbo inafewa, chitoliro chikulira chokha, ndi pamene mabingu khumi ndi awiri anaphulika motsatizana. Ana anayamba kuseka. Munthu wina kumbuyo kwanga anati, "Mdalayu akumvera wailesi ya kwina."

Kenako tepi inatha. Anthu anayamba kuomba m'manja, ena kupinda mipando. Bambo anapitiriza. Masekondi makumi awiri ndi anayi, ndinawerenga, akuyatsira nyimbo yoti inatha. Mpira waukulu uja unakwera kuli chete. Unaphulika kasanu monga ananenera, ndipo buluu uja anadzaza kumwamba konse, nkhope za anthu zonse buluu, zikuseka. Ndinayang'ana. Ukawauze ngati ungathe, ndinayang'ana mpaka nyenyezi yomaliza inazima.

Mayi Aldous analemba atatu, woweruza mnzathu wina, mkulu wa ozimitsa moto, atatu. Chilungamo chake chinali awiri. Ine ndinalemba anayi chifukwa ndinawamvera chisoni, ndipo ndikuchita nazo manyazi. Ndinabera a Cauchi malikisi awiri, ndipo malipiro ake ndi chikwama pakhonde.

Chimene chikundiwawa si chikwamacho. Anamva tsamba lija, anali ndi wotchi, anali ndi iwe, koma anasankha kusekedwa ndi tauni yonse kusiyana n'kumvera mawu ochokera kwa ine. Ndinkaganiza kuti zaka zawafewetsa. Ndatopa, mlongo wanga. Asandifune, nanenso sindiwafuna.

Uwauze azakhali lumolo ataye.

Wenzu


Wandarra, 2 Disembala 1979

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino m'thupi. Kalata iyi ndaiyamba katatu.

Sindinawawerengere. Tsamba lachiwiri lili m'bokosi langa la ulusi kuyambira Seputembala. Ndinakunamizani. Bambo sanakane mawu anu, sanawamve n'komwe.

Tsiku lililonse ndinkati mawa. Ndinkaopa kuti akamva za makutu akwiya, anena kuti musabwere, matiresi ndibwezere. Ndinaganiza kuti ndikangokufikitsani pakhomo, mukadya limodzi, zinazo zidzikonza zokha. Za wotchi ndi pepala sindinaname. Ndinamvera tepi ija Bambo ali kumunda, ndinalemba sekondi ya mpira uliwonse, makumi asanu ndi limodzi mphambu anayi, ndinachotsera masekondi okwera monga munanenera. Ndinkati pa tsikulo ndidzangowagwira paphewa, adzamvetsa okha.

Tsidya lija kunali mphepo yochokera kumbuyo kwathu, ikukankhira nyimbo kwa inu. Nyali yofiira itayaka ndinatulutsa wotchi. Ine ndinkaimva nyimboyo pang'ono, ngati ya m'nyumba ya eni. Bambo anaima ndi muuni m'manja, atapendeketsa mutu. Anadikira. Kenako ananditembenukira n'kufunsa, "Yayamba?"

Ndinagwedeza mutu kuvomera. Anati, "Bwanji osanena, chitsiru?" n'kuyatsa.

Kuyambira pamenepo ankatsatira nyimbo ya m'mutu mwawo. Ankaiimba, ndinkaona milomo. Koma ya m'mutu mwawo imayenda pang'onopang'ono, monga bandi imayendera pokweza chitunda kumudzi kwawo. Ine ndinali kumbuyo kwawo, pepala kumanzere, wotchi kumanja, ndikuona kuti tatsalira ndi masekondi khumi, kenako khumi ndi asanu. Phewa lawo linali pafupi ngati apa. Kawiri ndinakweza dzanja. Ankamwetulira, achimwene, nkhope yonse makala, akuthamanga kuchoka pa mpope uwu kupita pa uwo ngati mnyamata. Ndinabweza dzanja m'thumba.

Tepi itatha ndinamva. Iwo sanamve. Atayatsa waukulu uja anavula chipewa n'kuloza tsidya lanu. Anati, "Waona! Tsopano waona!" Kuseka kwa anthu ankakuyesa kukondwa, ngakhale a Cauchi atafika ndi chikho.

Sindinatuluke kudzakutsanzikani chifukwa mukanandiyang'ana ndikananena, ndipo ndinalibe mphamvu.

Panopa sakuyankhula za inu. Chithunzi chanu cha Ukaristia woyamba achichotsa pakhoma. Ine amandikomera mtima kuposa kale, amati, "Mwana amene ndatsala naye." Mawu amenewo amandiwotcha. Mlandu ndi wanga koma wosenza ndinu.

Ndaganiza zowauza Lamulungu likudzali tikachokera ku Misa. Akadziwa kuti munawachenjeza, kuti munafuna apambane, akuitanani. Ngati muli ndi mawu, mulembe msanga. Kundikhululukira sindikupempha.

Rozina


Brisbane, 10 Disembala 1979

Rozina,

Kalata yako inafika Lachitatu. Ndinaiwerenga, ndinaiponya m'kabati, ndipo masiku asanu sindinafune kuona dzina lako. Ndinakutukwana mokweza m'chipinda muno. Miyezi iwiri, mlongo wanga! Tsamba limodzi!

Dzulo ndinaiwerenganso. Cholakwa china ndi changa. Ndinali nawo m'shedi Lachisanu lija, awiriwiri, ola lathunthu. Ndikanatha kuwafunsa za wotchi, pakamwa ndili napo. Ndinangoti "monga tinanenera," chifukwa nanenso ndinaopa kutchula makutu maso ndi maso. Ndinakutuma iwe kukanyamula chimene ine chinandilemera.

Tsopano tamvera. Usawauze. Ndikhulupirira mantha ako akugwiranso dzulo monga amachitira, ndipo kamodzi kokha ndikuwathokoza. Panopa Bambo akukhulupirira kuti anayatsa bwino, mwana woipa ndiye anawabera chikho. Munthu angathe kukhala ndi moyo ndi nkhani imeneyo, angathe kuinena kumowa. Ukawauza zoona uwalanda zonse, ndipo pakhomopo wokhala nawo ndiwe. Ine kudedwa ndinazolowera. Zikazizira, mwina chaka chamawa, ndidzabwera ndekha kudzapepesa za malikisi, ngati kuti ndinalakwadi. Zimenezo angazilandire.

Tsambalo uwotche.

Wenzu


Wandarra, 16 Disembala 1979

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino. Kuno mvula yayamba, fakitale ya shuga yatseka.

Kalata yanu inafika Lachinayi. Ine ndinali nditanena kale Lamulungu.

Tinali kukhitchini. Ndinakhala kumanja kwawo, ndinawerenga tsamba lonse mokweza, osadumpha liwu. Sindinayambe ndakwezapo mawu chotero m'nyumba muno. Nditamaliza ndinawauza tsiku limene linafika, ndi kumene ndinalibisa.

Sanakalipe. Anafunsa kuti, "Tepi inatha ine ndikuyatsabe?"

Ndinati inde.

"Nthawi yaitali bwanji?"

Ndinawauza.

"Ndiye anthu aja sankakondwa."

Kenako anati, "Walemba kuti aliyense akudziwa. Aliyense ndani? Pawlina? Wansembe? Cauchi?" Ndinati inde. Anati, "Nchifukwa chake amandikuwira pa tchalitchi. Ine ndimayesa mwano chabe."

Anandiuza kuti ndibweretse makalata anu onse. Ndinafuna kubisa ya pa 25 ija, koma ndinali nditatopa nako kubisa. Sanalole kuti ndiwerenge ine. Tinapita kwa azakhali, iwo ndiwo anawerenga, ine nditaima pakhomo. Azakhali anayesa kudumpha pa mawu a malikisi paja, anatsokomola, anati magalasi achita nkhungu. Bambo anati, "Pawlina, wowerenga wabodza ndili naye kale mmodzi. Werenga."

Atamva kuti chilungamo chinali awiri, kuti anayiwo munalemba powamvera chisoni, anaseka pang'ono. Anati, "Ndiye ngakhale anayi aja anali opempha."

Azakhali anati, "Indri, mwanayu anakufunira zabwino. Anakuchenjeza, anakuwonjezera, anayang'ana buluu wako mpaka kumapeto. Ukufunanso chiyani, akubereke kumsana? Muitane adzadye Khirisimasi."

Bambo anati, "Akanakhala kuti anandida, ndikanamuitana. Wodana naye umakhala naye patebulo, mumatukwanizana, zimatha. Koma anakhala pampando paja akuwerenga masekondi, akundimvera chisoni. Ndimuyang'ana bwanji?"

Lolemba anatenga wonga wotsala, ndi mankhwala a buluu, n'kukazithira m'damu. Mipope ati a Cauchi adzatenge ulere. Lero ku Misa sanapite. Ati sakufuna anthu azivutika kukweza mawu.

Ine sanandithamangitse. Amadya chimene ndaphika, amati zikomo, ngati kwa mlendo. Makalata a fakitale amapita nawo kwa azakhali. Dzulo ndinalimba mtima, ndinafunsa ngati ndingakulembereni kuti mubwere. Anati, "Umuuze kuti sanalakwe. Ulembe bwinobwino, usafewetse. Sanalakwe, ndipo asabwere."

Ndalemba monga ananenera.

Mlongo wanu,
Rozina